Mmene Elube Anayankhira Mlakatuli wa ku Ireland

Mu Seputembala 1972, Paxton Chikaonda anabera mwana wa mlongo wake malo a ku sekondale. Mwanayo ndi Elube Zikhale, mlongo wanga. Paxton anali malume athu. Ndikumutchula dzina lokha chifukwa ulemu ndinamupatsa ali moyo, ndipo unakwana.

Ndalemba izi chifukwa cha inu amene mwakhala pansi mukuti zanu zinatha. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndipo nkhani zolimbikitsa za pa wailesi sindizikhulupirira, zambiri amachita kupeka. Iyi ndinaiona ndi maso anga.

Mudzi wathu unali pamene lero pali nyumba za mipanda za ku Area 10. Likulu litayamba kusamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, kunafika anthu oyeza malo, nakhoma zikhomo m'minda mwathu. Kenaka kunafika malole. Anakatitsitsa kutali, pamalo a miyala, ine, Elube ndi mayi athu, pakuti bambo anali atamwalira kale. Makatapila anagwetsa nyumba ndi nkhokwe zomwe, koma mitengo ikuluikulu ya mango anaisiya, ati mabwana amakonda mthunzi.

Kumalo atsopanowo sukulu inali patali, koma Elube sanajombepo. M'kalasi mwawo panalibe womuposa. Atalemba mayeso a Sitandade 8, mudzi wonse unkadziwa kuti mwanayu wapita ku sekondale.

Paxton anali kalaliki mu ofesi ina ku Old Town. Ndiye anali mwini mbumba wathu, choncho kalata iliyonse ya banja lathu inkayamba yafika m'manja mwake. Tsiku lina anabwera pa njinga yake yatsopano, osatsika n'komwe bwinobwino.

"Mwanayu walephera," anauza mayi. "Basi, azolowere khasu."

Elube analira masiku atatu. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti anakhulupirira. Anayamba kunena yekha kuti mwina nzeru zake zinali za kumudzi chabe.

Munda wa miyala sunatidyetse, ndiye tonse awiri tinabwerera ku tauni kukafuna ntchito. Elube anapeza yotungira amisiri madzi ku City Centre, kumene nyumba zosanja zinkamera ngati bowa. Ndowa pamutu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, simenti itam'dya zala mpaka kung'ambika. Mtsikana amene ankakhala nambala wani ankatchedwa "iwe wa ndowa".

Ine ndinalembedwa yosamalira maluwa ku Area 10, kwa bwana wina wa boma amene anali atangofika kumene kuchokera ku Zomba. Tsiku loyamba nditalowa pageti, ndinapazindikira pamalopo. Pakati pa bwalo panali mtengo wa mango umene bambo athu anabzala chaka chimene Elube anabadwa. Ndinauzindikira ndi chipsera cha nkhwangwa chimene ndinausiyira ndekha ndili mwana, tsiku limene bambo anandikwapula mpaka kusanza. Mayi a panyumbapo anandilangiza kuti masamba ndizisesa, koma mango ndisakhudze, ndi a ana awo. Ndinati chabwino. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa.

Choonadi chinatulukira mu Epulo 1974 pamsika wa ku Old Town. Elube ankagula usipa pamene gulu la atsikana a yunifolomu linadutsa, akupita kukakwera basi ya holide. Mmodzi anafuula.

"Elube! Elube Zikhale! Fulumira iwe, basi itisiya!"

Elube anatembenuka. Koma panatembenukanso wina wa yunifolomu, atanyamula sutikesi. Anali Immaculata, mwana wa Paxton, amene analephera Sitandade 8 kawiri konse. Ife tinkauzidwa kuti ali ku Blantyre kwa azakhali ake.

"Immaculata, akukuitana kuti chiyani?"

"Chonde msuweni, usakweze mawu. Kafunse abambo. Ine anangondiuza kuti ndizivomera."

Mapepala a masiku amenewo analibe chithunzi. Kalata yosankhidwa inafika kwa Paxton, iye anaipinda, nakagulira mwana wake yunifolomu.

Lamlungu lake tinapita kunyumba kwake titatenga mayi. Anatilandira pakhonde, m'nyumba sanatilowetse.

"Malume, mwanditengeranji malo anga?" anafunsa Elube atagwada.

"Malo ako? Ukanapita utavala chiyani, chiguduli? Malowo akanangopita kwa anthu adera. Ine ndinawasunga m'banja."

"Nanga dzina langa?"

"Dzina uli nalo, sitikukuitana Elube apa? Tamvera. Ukakanena kulikonse, womangidwa ndi msuweni wako. Ndipo tsiku limene mayi akowa adzagone, udzakumbe wekha manda."

Mayi anagwira Elube pamkono. "Za pachibale sizipita kubwalo, mwanangu. Zisiye." Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, mikono ngati mipini, koma sindinayankhule. Kwathu malume sayankhidwa. Mpaka lero ndikakumbukira khonde limene lija, chakudya chimandikanika.

Inu amene mukuti mwafika pansi, pansi pake ndi pamenepo. Kulephera kumapweteka, koma kudziwa kuti unakhoza ndipo wina akudya kukhoza kwako kumapweteka koposa.

Elube sanadwale nazo. Pobwerera anandiuza mawu amodzi okha: "Achimwene, ndiye kuti sindinalephere." Ndipo nkhope yake inawala kwa nthawi yoyamba pa zaka ziwiri.

Chaka chomwecho, nyumba yoyandikana ndi kumene ndinkagwira ntchito inafuna wantchito wa m'nyumba. Munkakhala azungu a ku Ireland, bambo woyeza misewu ndi mkazi wake, amene tonse tinkangomutchula kuti Dona. Ndinamulankhulira Elube ndipo anamulemba.

Dona anam'peza tsiku lina akuwerenga nyuzipepala yakale imene anam'patsa kuti apukutire mawindo. Sanakalipe. Anam'bweretsera buku. Litatha anam'patsa lina. Nthawi yopuma masana, antchito ena akugona pansi pa mitengo, Elube ankakhala pa sitepe ya kukhitchini, buku pamwendo, kope pambali, akulemba mawu a Chingerezi amene sankawadziwa. Makope anadzaza asanu. Ine ndinkamuchenjeza kuti mzungu sapatsa chinthu chaulere, tsiku lina adzati waba mabukuwo. Iye ankangoseka n'kutsegula tsamba lina.

Mu Okutobala 1975 Dona anamuitana. Ntchito ya mwamuna wake inali itatha, ndipo Khirisimasi ikadutsa akubwerera kwawo. M'nyumbamo mudzalowa bwana wina wa ku Zomba wobwera ndi antchito ake. Kwa Elube zimenezi zinatanthauza kubwerera ku ndowa.

Koma panali khomo limodzi. Asisitere a kwawo kwa Dona anali ndi sekondale ya atsikana m'dziko muno, ndipo anatsegula malo amodzi a mtsikana amene sukulu inamudutsa. Setifiketi sankafunsa. Ankafuna chimangirizo cha m'Chingerezi chonena za ndakatulo ina ya mlakatuli wa ku Ireland, choti wolembayo anene mmene ndakatuloyo yamukhudzira iye mwini. Atsikana ofuna malowo anapitirira makumi anayi. Tsiku lomaliza kupereka linali kumapeto kwa Novembala.

Ndakatuloyo Elube anandimasulira, ndipo ndikuikumbukira. Mlakatuli akuyenda kumidzi ya kwawo, napeza mtengo wa maapozi uli wokha m'munda wa munthu wolemera. Pafupi pake pali miyala yosonyeza kuti panali nyumba ya anthu osauka amene anathamangitsidwa kalekale. Iye waima pamsewu, akuona zipatso zikugwa n'kumaola, akudandaula kuti eni ake anapita onse ndipo palibenso munthu pansi pano amene akudziwa dzanja limene linabzala mtengowo.

Dona anakhala naye pansi n'kumufotokozera ndakatuloyo mzere ndi mzere. Elube anamvetsera, naloweza zonse monga tinkachitira kusukulu, nakalemba masamba anayi a zilembo zokongola. Dona anawerenga, naseka mpaka kuvula magalasi.

"Elube, awa ndi mawu anga," anatero m'Chichewa chake chopindika. "Pamene ndinatsokomola pokha ndi pamene sunalembe."

"Ndalakwitsa pati, Dona?"

"Palibe. Koma asisitere akufuna kumva iwe."

"Kusukulu tikasintha mawu a aphunzitsi ankatikwapula. Ine ndine yani woti ndiyankhe munthu wamkulu wolemba buku?"

"Funso likuti iwe ukuganiza chiyani. Kayesenso."

Anakayesanso. Ulendo uno analemba monga timayankhulira pamaso pa akuluakulu: ndakatuloyi ndi yokoma kwambiri, mlakatuliyu ndi wanzeru zakuya, ife ana tilibe chowonjezera, Mulungu amudalitse pamodzi ndi banja lake. Dona anam'bwezera pepalalo n'kunena kuti atsikana ena onse makumi anayi alemba zomwezo. Anayesa kachitatu, kachinayi. Kunatsala masiku asanu ndi limodzi.

Masana ena anabwera pampanda wa maluwa umene unkalekanitsa nyumba ziwirizo. Ine ndinkasesa pansi pa mtengo uja. Mango anali atapsa, akugwa okha.

"Achimwene, zandikanika. Mutu wanga ndi wa ndowa basi."

Ndisanayankhe, bango lina linagwa n'kugubudukira kumapazi ake, mbali ya kwa Dona. Anawerama kuti atole. Pawindo panamveka mawu a mayi a panyumba pathu akundiitana.

"Lemson! Muuze mtsikana ameneyo asiye! Mango amenewo ali ndi eni ake!"

Elube anaimirira, bango lili m'manja. Anayang'ana mtengo, nayang'ana tsache langa. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka ndinaopa kuti mutu wasokonekera.

"Achimwene, mlakatuli uja analakwa."

"Iwe, tsitsa mawu."

"Analakwa! Akuti palibe amene akudziwa wobzala mtengo. Anafunsa ndani? Anangoima pamsewu n'kumalira. Akanalowa pageti n'kufunsa wosesa masamba, bwenzi atamuuza."

Ndinamvetsa zimene ankafuna kuchita, ndipo ndinamuletsa ndi mphamvu zanga zonse. Masiku amenewo munthu ankaganiza kawiri asanalembe chilichonse papepala. Ndinati ukalemba za kusamutsidwa kwa mudzi, pepalalo likagwera m'manja olakwika, tikagona kuti? Ndinatinso asisiterewo ndi a kwawo kwa mlakatuliyo, ungamutsutse m'bale wawo iwo n'kukupatsa malo?

"Pakhonde la malume tinakhala chete," anatero Elube. "Tinapindula chiyani?"

Anaponya bango lija mbali yathu ya mpanda, nalowa m'khitchini.

Analemba masana atatu. Dona sanamuonetse mpaka atamaliza. Zimene analemba anandiwerengera m'Chichewa, ndipo zina ndinazisunga pamtima.

"Bambo mlakatuli, ndakatulo yanu ndaiwerenga kakhumi ndipo yandiliza, chifukwa mtengo wanuwo ndikuudziwa. Kuno ndi wa mango. Koma mundikhululukire, pamzere womaliza mwalakwa. Anthu othamangitsidwa sapita kutali monga mukuganizira. Amabwerera m'mawa uliwonse kudzera kugeti la kumbuyo. Amene akusesa pansi pa mtengo wathu ndi mwana wa amene anaubzala. Ine ndimauona pawindo ndikamatsuka mbale. Inu munaona zipatso zikuola ndipo munamva chisoni. Ine ndimaziona zikuola ndipo ndimamva njala. Mukadzapitanso kumunda uja, musadzaime pamsewu. Mudzazungulire kukhitchini, mudzafunse."

Boma sanalitchule, malume sanawatchule. Analemba za mtengo basi. Pamwamba pa pepala sakanalemba Elube Zikhale, pakuti dzina limenelo linali kale Folomu 4 kusukulu ina. Analemba la mfunda wathu: Elube Naphiri.

Dona atawerenga sanaseke. Anapinda pepalalo bwinobwino, nakalipereka yekha.

Patapita sabata ziwiri, Elube anaitanidwa kuholo ya tchalitchi ku Old Town. Kunali sisitere wamkulu wa sukuluyo, mayi wamtali wouma nkhope amene anakhala m'dziko muno zaka zambiri ndipo Chichewa ankachiyankhula ngati wobadwira konkuno. Pepala lija linali patebulo.

"Wakulembera ndani?"

"Ndalemba ndekha, Sisitere."

"Umagwira ntchito kwa mzungu wa kwathu. Atsikana onse ayamikira mlakatuli, iwe wekha wamutsutsa. Mtsikana wa Sitandade 8 saganiza chonchi. Ndipo mtengo wa mangowu ukuoneka wopeka."

Elube akuti analoza pakhomo n'kuyankha. "Galimoto muli nayo panjapo. Tiyeni mukauone."

Ine ndinkathirira maluwa pamene kagalimoto koyera kanaima pageti. Anatsika sisitere, Elube pambuyo. Mayi a panyumba anatuluka msangamsanga akukonza duku, poganiza kuti alendo ndi awo. Sisitere anawapatsa moni, napempha kuona mtengo. Anauzungulira, naika chala pachipsera chija. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Bambo, mtengo uwu anabzala ndani?"

Mayi a panyumba anali chiimire pamenepo, maso ali pa ine. Chaka chachitatu ndikugwira ntchito pakhomopo, anali asanadziwe kuti ndinabadwira pamene pali galaja yawo. Ndinadziwa kuti ndikayankha, ntchito yatha, chifukwa palibe bwana amene amafuna wantchito woyenda pabwalo ngati kwawo. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti sindikudziwa. Ndinayang'ana Elube. Zala zake zinali zikadali ndi zipsera za simenti.

"Anabzala bambo athu, a Zikhale, mu 1957, chaka chimene anabadwa uyu. Chipseracho ndi changa, ndinatema ndi nkhwangwa ndili mwana. Nkhokwe yathu inali apo pali thanki ya madzi."

Sisitere anayang'ana thanki ya madziyo. Kenaka anagwira Elube paphewa.

"Mlakatuli uja akanamva zimenezi akanachita manyazi, kenaka akanakuthokoza. Sukulu ikatsegulira ubwere ndi bulangete ndi ndowa yosambira. Zina zonse ukazipeza komweko."

Elube anagwada pafumbi pomwepo. Kenaka anadzuka n'kuyamba kuvina, kulira ndi kuseka nthawi imodzi, akufuula kuti, "Ndowa ndili nayo kale, Sisitere, ndowa ndili nayo!" Dona anatulukira pampanda akuwomba m'manja. Alonda ndi ophika a nyumba zoyandikana anathamangira pageti, ndipo mayi wina wochapa zovala, wa mudzi wathu wakale womwewo, anaimba nthungululu imene ndikhulupirira inamveka mpaka ku Capital Hill.

Mwezi utatha anandichotsa ntchito, ati ndimalowetsa alendo popanda chilolezo. Ndinatuluka ndi bango limodzi m'thumba, ndipo sindinapemphe.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zonse zinali zosalala. Elube analowa Folomu 1 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, pakati pa tiana timene tinkamutcha anakubala. Masamu anali atawaiwala, ndipo teremu yoyamba anakhala wachiwiri kuchokera kumapeto. Sanabwerere kunyumba. Anapempha kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu kuti kazimuphunzitsa, iye n'kumakachapira zovala. Pofika Folomu 2 anali wachitatu kuchokera kutsogolo. Folomu 4 anakhoza kuposa onse pasukulupo.

Anapita kukoleji ya aphunzitsi. Anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi chimodzi, khumi zomalizira ali mphunzitsi wamkulu. Ana amene anadutsa m'manja mwake lero ndi madokotala, maloya, ena amayankhula pa wailesi. Ndikakumana nawo amandiuza chinthu chimodzimodzi: Mayi Naphiri ukawalembera mawu awo omwe ankakubwezera kope, n'kukufunsa kuti, "Nanga iwe ukuganiza chiyani?"

Mayi athu atamwalira, Paxton sanabwere, ngakhale kuti sitinakamunenere kulikonse. Manda sitinakumbe tokha. Kunabwera aphunzitsi ndi makolo a ana odzaza malole awiri.

Elube anamanga nyumba yake ku Area 25. Bango lija ndinalibzala m'chitini, ndinayenda nalo nyumba zalendi zitatu, kenaka tinaliwokera pabwalo pake. Lero ndi mtengo waukulu kuposa uja wa bambo. Mwana aliyense wodutsa pamsewu amathyola, ndipo palibe amene amafuula pawindo.

Tsono inu amene munatsekeredwa khomo, kaya ndi m'bale, kaya ndi umphawi, kaya ndi bwana, mverani ine munthu wosakhulupirira zinthu msanga. Ndinamuuza Elube kuti asawerenge mabuku a mzungu, anawerenga. Ndinamuuza kuti asalembe, analemba. Akanamvera mantha anga bwenzi atakalamba ndi ndowa pamutu. Angakulandeni malo, angakulandeni pepala, koma zimene munaona ndi maso anu ndi zimene zili m'mutu mwanu sangazinyamule pa njinga. Akakubwezerani kope kanayi, lembani kachisanu. Akakufunsani maganizo anu, musabwereze a wina, nenani anu ngakhale mawondo akugundana. Mtima wanu musautaye, ugwireni zolimba, tsiku lanu likadali m'njira.

Paxton Chikaonda anamwalira mu 1998, ndipo pamaliro pake panaimba makwaya atatu. Sanapepesepo. Immaculata anagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma, ndipo amakhala ku Area 10, misewu iwiri kuchokera pamtengo wa bambo athu. Setifiketi ya Sitandade 8 ya 1972 ili m'felemu pakhoma la pabalaza pake. Dzina lolembedwapo ndi Elube Zikhale.